Tsiku Limene Bodza Linandithera pa Liwonde

Ana inu, za ubwana wanga musayembekezere kuziwerenga muno. Amayi anu anakufotokozerani kale, ndipo anathiramo mchere wambiri. Ingodziwani kuti sukulu ndinalekera Sitandade 5, osati chifukwa cha kuuma mutu ayi, koma ine ndi aphunzitsi tinalephera kugwirizana kuti wanzeru ndani pakati pathu, ndiye wina anayenera kuchoka. Ndikulemba za ntchito imene inakulerani, chifukwa ndamva kuti Zainabu amauza anzake ku tauni kuti bambo ake anali dokotala. Mwana wanga, bodza limenelo ndi langa, ndinalipekera agogo ako tsiku lofunsira mbeta. Lisiye, lakalamba.

Katuli, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Ntchito yanga yoyamba inali pa kachipatala kena mbali za ku Katuli, kumene galimoto inkafika ngati mlendo wosochera. Ndinkasesa, kutunga madzi, kuwiritsa majakisoni ndi kutsuka zilonda. Bwana wanga anali a Chikafa a ku Mulanje, munthu wamfupi wa ndevu za mbuzi. Sanali dokotala weniweni, koma mudzi wonse unkawatcha adokotala, ndipo ine ndinkangoyanga pa dzinalo ngati nyemba pa chimanga. Kusowa kwa zinthu kunali kwa tsiku ndi tsiku. Mabandeji tinkachapa n'kuyanika, mawa n'kumangira munthu wina. Palafini akatha furiji inkasanduka kabati, a Chikafa n'kumasungamo nsapato zawo kuopa chiswe. Koma bambo aja ndimawathokoza mpaka lero. Anandiphunzitsa kugwira chilonda chonunkha osachita tsinya, ndipo ndi amene anayamba kuona kuti ulesi wanga uli ndi mphatso mkati mwake.

Tsiku lina anthu anabwera atanyamula mwamuna wina, mwendo wake uli m'chipika. Inu ana a masiku ano simudziwa: ankatenga chipika cholemera, kuchiboola, n'kulowetsamo mwendo wa munthu wozungulira mutu kuti asathawe. Anali atapita naye kwa asing'anga, kenako kwa ashehe, koma majini sanatuluke. A Chikafa analemba kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu cha odwala maganizo, chija cha kutsidya kwa Liwonde m'munsi mwa phiri. Ambulansi kunalibe, jakisoni wogonetsa anali atatha kalekale.

"Jafali, womuperekeza ndiwe," anatero a Chikafa akundiloza.

"Ine bwana? Munthu wa mphamvu ngati nkhunzi uyu?"

"Wodwala mutu sakokedwa, amanyengereredwa. Si iwe unandiuza dzulo kuti wachedwa chifukwa fisi anakhala pakhomo pako mpaka dzuwa kutuluka? Pakamwa pakopo ndi mankhwala. Pagwiritse ntchito."

Mwamunayo ankakuwa kuti dziko lonse mpaka ku malire ndi lake. Ndinakhala pansi, n'kuwomba m'manja, n'kumuuza kuti akuluakulu a boma amva dandaulo lake ndipo akumudikira kuti akamupatse mapepala a malo. Abale ake anachotsa chipika chija, iye n'kusamba, n'kutsogola yekha. M'basi ankagwedezera anthu mutu ngati mfumu yaikulu. Titafika, ndinamusiya pa tebulo la kalaliki pafupi ndi geti, kalata yanga inadindidwa, ine n'kutembenuka mwachangu asanazindikire. Umu ndi mmene tonse operekeza odwala tinkagwirira ntchito. Unkamvetsera chimene mtima wa wodwala ukulakalaka, n'kumuuza kuti chili kumene mukupitako. Wofuna ntchito, ntchito yapezeka. Wofuna mkazi, mkazi akudikira. Ndipo lamulo losalembedwa linali lakuti kalata ikangodindidwa, usacheuke. Chitseko chachiwiri, cholowera kumene odwala amakhala, sindinachidutsepo.

Chiponde, m'zaka za m'ma 1980

Kenako ananditumiza ku Chiponde, pa malire. Bwana kumeneko anali mayi, Sisitala wina wochokera ku Nkhoma, amene ankayendetsa chala pa zenera kufunafuna fumbi, akalipeza n'kundionetsa ngati wapeza wakuba. Ndinkawaopa kuposa ngozi, koma ndiwo anandiphunzitsa kulemba dzina langa mosakhota ndi kuwerenga nthawi pa wotchi. Inali nyengo ya nkhondo ya ku Mozambiki, anthu akuwoloka ndi mitolo pamutu. Akuluakulu amati wamisala anaona nkhondo. Ine ku Chiponde ndinaona kuti nkhondonso imabala amisala. Maulendo anga anachuluka, ndipo mbiri inamveka mpaka ku Boma kuti Che Jafali sataya wodwala panjira. Ndinkayenda modzimva ndithu.

Koma panali mayi mmodzi amene sachoka m'mutu mwanga. Mwana wake anafera panjira pothawa, ndipo iye ankayendayenda ndi nsalu yoberekera yopanda kanthu, akufunsa aliyense. Ndinamuuza kuti mwanayo wapezeka, akumusunga kumene tikupitako. Ulendo wonse ankandidalitsa. Pa Namwera anandigawira chinangwa chake. Kalata itadindidwa ndinatembenuka monga mwa masiku onse, koma makutu alibe zitseko. Ndinamva akufunsa kalaliki kuti mwana ali chipinda chiti. Ndinadziuza kuti ndamuthandiza, wafika kumene kuli mankhwala. Ndipo zinali zoona. Komabe chinangwa chija sichinatsike bwino.

Nkhudzi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990

Kunyanja ndinabwera muli anayi, Yusufu akukwawa. Bwana wanga watsopano anali a Mwalwanda a ku Karonga, wamtali, wolankhula pang'ono, wokonda malamulo ngati mwana wake woyamba. Odwala athu ambiri anali asodzi: mbedza m'chala, likodzo, malungo, ndi mabala a ndewu za padoko usipa ukachuluka. Pafupi ndi kachipatala kathu panali sukulu, ndipo pa sukulupo panali aphunzitsi a Dzonzi, Mkhristu wa ku Ntcheu, amene ankaphunzitsa Sitandade 8. Munthu uyu anali ndi bokosi lachitsulo lodzaza mabuku akale a Chingerezi, ena opanda zikuto, amene anawatola pamene mzungu wina wa mishoni ankabwerera kwawo. Ndinkakonda kukhala pakhonde pawo ndikaweruka. Iwo ankati ndine mbuli yanzeru, ine ndinkati iwo ndi wanzeru wosadziwa kusenda chambo. Tinkagwirizana choncho.

Matenda anawayamba pang'onopang'ono. Poyamba tulo tinathawa. Ankaphunzitsa osapuma mpaka ana kulira ndi njala, anagawa malaya awo kwa asodzi, analemba makalata opita kwa anthu amene anamwalira. Patapita masabata, moto uja unazima, n'kubwera chete woopsa. Ankangokhala pampando, osadya, osayankha. Tsiku lina m'mawa, asodzi akukoka makoka, anangowaona akulowa m'madzi atavala nsapato ndi jekete, akupita kwakuya osatembenuka. Anawavuula, n'kuwamanga ndi chingwe cha khoka, n'kubwera nawo kwa ife.

A Mwalwanda anakambirana ndi akazi a aphunzitsiwo, a Nachisale. Aliyense ankadziwa kuti a Dzonzi akangomva dzina la chipatala chija savomera. Ndiye anapangana kuti tiwauze kuti akuitanidwa kukathandiza kukonza mayeso a ana a sukulu, ntchito imene ankailakalaka zaka zambiri. Bodzalo ndinalisoka ndine, ndipo linali lokongola. A Nachisale anasita jekete misozi ikugwera pa simbi. Tisananyamuke, a Mwalwanda anandiitanira pambali.

"Jafali, jakisoni palibe, monga mukudziwa. Munthu uyu wayesa kale kudzipha. Panjira pali mtsinje. Musawauze kanthu mpaka kalata itadindidwa. Mukawataya, ntchito yanu yathera pomwepo, ndipo mwina mukafotokoza kupolisi. Mwamva?"

"Bwana, ine ndinatayapo munthu liti?"

"Sindinafunse mbiri yanu. Ndati mwamva?"

"Ndamva bwana."

Ulendo wa tsiku limenelo

Tinakwera basi ya m'mawa, tinasintha pa Mangochi, ine waranti yokwerera ndi kalata zili m'thumba la mkati. A Dzonzi anali atamanga tayi, chikwama pamiyendo, maso pazenera. Ndinayesa nthabwala zanga zonse, za ng'ona imene inandipempha fodya, za apongozi anga, koma iwo zii. Titatsala pang'ono kufika pa mlatho wa Liwonde, tayala linaphulika, kondakitala n'kulamula kuti tonse titsike. Linali dzuwa la masana. Tinakhala pa mwala pansi pa mtengo, Shire akuoneka poteropo, wodzaza, madzi akuthamanga pansi pa mlatho. Ndinasendera pafupi nawo.

Apa ndi pamene analankhula, mawu oyamba chichokere kunyumba, ndipo analankhula bwinobwino ngati ali m'kalasi.

"Che Jafali, mabuku aja a m'bokosi mwanga mwawaona. Ena analembedwa agogo athu asanaone nsapato. Ndawawerenga onse, ena katatu. Mukudziwa mmene amamutengera munthu wodwala mutu m'mabuku amenewo? Sabwera ndi chibonga ayi. Amabwera munthu wodziwana naye, woseka bwino, n'kunena kuti tiyeni tikapitidwe mphepo, kapena kuti m'bale wanu akukuitanani. Ngolo ya akavalo ili pakhomo, mkazi wake wamukonzera zovala. Nthawi zonse zimayamba ndi bodza la munthu wachifundo."

Ndinati, "Aphunzitsi, ine mabuku amandipatsa tulo. Mwina mukanandibwereka mutu wangawu, bwenzi mukugona bwino."

Sanaseke. Anapitiriza. "Akafika kumeneko chitseko chimatsekedwa kumbuyo kwake. Mkati muli maunyolo, udzu pansi ngati m'khola, kumeta mpala, kuthiridwa madzi ozizira, ndipo anthu a m'tauni amabwera kudzaonerera monga timaonerera anyani. Ena satumizidwa n'komwe, amatsekeredwa m'chipinda china cha nyumba yawo yomwe, alendo akafunsa za phokoso n'kuuzidwa kuti ndi mphepo. Ndipo m'mabuku monsemo wamisala amakhala chimodzi mwa ziwiri: chilombo choopsa, kapena mneneri wolankhula zozama. Sindinapezemo mphunzitsi wa Sitandade 8 amene akungofuna kugona tulo. Sindikumbukanso ngakhale mmodzi wobwerera kwawo. Wolemba amangomusiya mmenemo, nkhani n'kupitirira ndi anthu abwinobwino." Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso. "Inu mumaswali kasanu pa tsiku."

"Nthawi zina katatu, aphunzitsi."

"Ngakhale katatu. Ndiuzeni pamaso pa Mulungu amene mumamugwadirayo. Tikupita kuti?"

Ana inu, mabodza atatu anali kale pa lilime langa, onse abwino. Ndikanatha kutukwana mwaubwenzi, kutchula dzina la mkulu wa mayeso, kufotokoza ngakhale ndiwo zimene akatiphikire. Ndinaganiza za inu anayi, za nyumba ya boma imene tinkakhalamo, za nkhope ya a Mwalwanda. Ndinayang'ana mtsinje, ndinayang'ana miyendo ya a Dzonzi, yaitali kuposa yanga. Kenako, sindidziwa bwanji, ndinamva mawu a mayi uja wa ku Chiponde akufunsa kuti mwana ali chipinda chiti. Ndinaona kuti ndikanama, munthu uyu afika wamoyo, koma adzadziwa kuti mabuku ake ananena zoona kuyambira tsamba loyamba, ndipo adzakhulupirira masamba otsalawo. Munthu wokhulupirira zimenezo, ngakhale utamutchingira mtsinje umodzi, adzapeza wina.

Ndinatulutsa kalata ija n'kuiika pa bondo pawo. "Kulibe mayeso, aphunzitsi. Tikupita ku chipatala cha odwala maganizo. Bodzalo ndinapeka ndine."

Sanaitsegule. Anaimirira, kusiya chikwama pansi, n'kuyamba kuyenda kulunjika pa mlatho. Kukuwa ndinalephera, kuwagwira ndinaopa, poti munthu ukamugwira ndi pamene amathamanga. Ndinatola chikwama n'kuwatsatira, ndipo titakwera pa mlatho ndinadzilowetsa pakati pa iwo ndi zitsulo za m'mbali. Tinayenda choncho mpaka pakatikati, madzi akulira pansi pathu. Anaima.

"Bwanji mukuyenda mbali ya kumadzi? Mumatha kusambira?"

"Ayi. M'boma lonse la Mangochi wosatha kusambira ndine ndekha."

"Ndiye ndikanalumpha mukanatani?"

"Tikanagwera limodzi, ng'ona n'kusankha zokha. Koma ndikuchenjezeni, ine ndi mafupa okhaokha, ziyambira inu."

Anatulutsa kamphepo m'mphuno. Sikunali kuseka kwenikweni, koma kunali pafupi. Kenako anafunsa, "Kumeneko kuli maunyolo?"

Apa ndi pamene ndinachita manyazi aakulu m'moyo wanga. Zaka zoposa khumi ndikutula anthu pa geti paja, koma yankho ndinalibe. "Sindidziwa. Sindinalowemo."

"Simunalowemo? Ndiye anthu onse aja mumawasiya kuti?"

"Pa tebulo la kalaliki."

Anagwedeza mutu ngati akuchonga ntchito ya mwana wolephera. Ine pakamwa panayamba kuyenda pokha. Ndinati, "Aphunzitsi, azungu anu aja analemba za kwawo, ndipo anafa kalekale. Ifenso kwathu kuno tili ndi chipika ndi chingwe cha khoka, sitingawaseke. Koma za kumene tikupitaku, inu mwangowerenga, ine ndangoganizira. Tiyeni tikaone ndi maso. Tikalowa tonse awiri. Mukakapeza zimene zili m'mabuku mwanu, ndibwerera nanu kunyumba. Wallahi, ndalumbira pali Mulungu."

Lonjezo limenelo ndinalibe mphamvu yolipereka. Wosesa alibe ulamuliro wobweza wodwala amene dokotala wamutumiza. Koma ndinali nditalumbira, ndipo ndinkadziwa kuti ndidzachita. Iwo anayang'ana madzi nthawi yaitali, mwina mphindi zisanu, kwa ine chaka chathunthu. Kumbuyo kondakitala anayamba kumenya basi ndi chikhatho, akukuwa kuti otsala atsale. A Dzonzi anatambasula dzanja. "Bweretsani chikwama changa. Ndinyamula ndekha."

Kuseri kwa chitseko chachiwiri

Kalaliki wa pa geti ankandidziwa. Atangondiona anati, "Che Jafali, lero mwatibweretsera nduna kapena mkwati?" Ndinamuuza kuti ndabwera ndi aphunzitsi a Dzonzi, akudziwa kumene ali, ndipo tikufuna kuona mkati tonse awiri kalata isanadindidwe. Anakana, nati si malo oonerera. Phokoso lathu linatulutsa Sisitala wina wachikulire, wonenepa, wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Atamva nkhani yonse anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku zala.

"Ndinu Che Jafali amene uja? Zaka zonsezi mumatiponyera anthu pakhomo ngati matumba a makala, ife n'kutha sabata tikuzimitsa moto wa mabodza anu. Wina akudikira mapepala a malo, wina akufuna mwana wake. Akazindikira, amakana mankhwala, amakana chakudya, amati tonse ndife achinyengo. Lowani. Lero muone."

Tinalowa. Sindikunamizani kuti ndinapeza paradiso. Fungo linalipo, mazenera anali ndi zitsulo, mabulangete anali ochepa monga kwathu komwe. Ena ankayenda mouma thupi chifukwa cha mankhwala, ena ankalankhula okha. Koma pabwalo panali amuna awiri akusewera bawo, akukangana za kuba nkhomo monga timakanganira padoko. Wina ankathirira mpiru kudimba. Wina, nkhalamba yoonda, anatipatsa moni mwaulemu n'kufunsa ngati kunyanja kwagwa mvula. A Dzonzi ankayang'ana miyendo ya munthu aliyense. Unyolo sanaupeze.

Kenako tinafika pa chitseko china chokhoma, mkati munthu akumenya ndi kukuwa. A Dzonzi anaima chilili. "Ichi ndiye cha m'buku chija," anatero motsitsa mawu.

Ine ndinayamba kale kuganiza za ntchito ya usodzi, poona kuti lonjezo lija lindichotsetsa ya boma. Koma Sisitala uja sanapepese kapena kubisa. Anati, "Eya bambo. Anafika dzana, wavulaza anthu awiri kwawo. Tikamutsegulira lero apweteka wina kapena adzipweteka yekha. Pakutha pa sabata mudzamupeza pabwalo paja akupempha fodya. Inunso mukadzafika pamenepo tidzakutsekerani, sindikubisirani. Koma tidzatsegula."

"Anthu amatuluka muno?"

"Amatuluka. Ena amabweranso, ena sitiwaonanso. Alipo ochepa amene akalambira muno, osati chifukwa cha matenda, koma abale awo anaiwala njira."

A Dzonzi anatembenukira kwa ine. "Lonjezo lija lidakalipo?"

"Lidakalipo," ndinayankha.

Anayang'ana chitseko chokhoma chija, anayang'ana amuna a bawo aja, anayang'ananso Sisitala. Kenako anamasula tayi, kuipinda bwinobwino, n'kundipatsa. "Mukawapatse amayi a ana. Mukawauze kuti ndadziwa zonse ndipo sindinakwiye. Koma inu Che Jafali, njira musaiwale. Wodzanditenga mukhale inu nomwe."

Kalata anakaipereka okha kwa kalaliki. Tsiku limenelo ndinacheuka. Anali ataima pa chitseko chachiwiri, chikwama m'manja, ndipo anandikwezera dzanja ngati mmene ankabalalitsira ana akaweruka.

Nkhudzi, miyezi yotsatira

Pobwerera ndinali ndi njira yonse yopekera nkhani yowauza a Mwalwanda, koma zikuoneka kuti chilungamo chili ngati mphere, chikakugwira chimafalikira. Ndinawauza zonse, mpaka za pa mlatho. Anakalipa mmene sindinawamverepo.

"Akanalumpha? Mukanawauza chiyani akazi awo? Mukanandiuza chiyani ine?"

"Inenso bwenzi kulibe, bwana. Ndinali mbali ya kumadzi."

"Musandiseketse, nkhani iyi si yoseka!"

Ananditsekera kunja kwa ofesi masiku atatu, ndikungosesa pabwalo, ndikudikira kalata yondichotsa. Tsiku lachinayi anandiitana n'kunena kuti lipoti salemba, chifukwa sadziwa kuti alembe kuti ndalakwa chiyani popeza wodwala wafika. Anaonjezera kuti ndikadzabwereza, ndiyambe ndawauza iwo. Bambo aja anali ouma ngati nsomba ya pathandala, koma anali achilungamo, Mulungu awachitire chifundo kumene aliko.

Musaganize kuti kuyambira pamenepo zonse zinayenda bwino. Wina nditamuuza zoona pa Ulongwe anathawira m'munda wa chimanga, ndinamuthamangitsa mpaka nsapato imodzi kutsala m'matope. Ena anali odwala kwambiri moti zoona ndi bodza zinali chimodzimodzi kwa iwo. Koma sindinalonjezenso munthu chinthu chimene kulibe, ndipo aliyense ndinkalowa naye mkati mpaka aone bedi lake. Sisitala wa magalasi uja anasiya kunditcha wamakala, mpaka tsiku lina anandipatsa tiyi.

A Dzonzi ndinakawatenga patapita miyezi itatu. Anali atanenepa pang'ono, manja akunjenjemera ndi mankhwala, koma maso ali awo. M'basi ndinawafunsa ngati mabuku aja awotche. Anati ayi, olembawo sananame, analemba zimene anaona m'nthawi yawo, ndipo mwina n'chifukwa cha kulemba kwawoko kuti maunyolo anachotsedwa. "Cholakwa chawo n'chimodzi," anatero. "Onse anaima pa geti ngati inu." Ndinawayankha kuti ndine wokondwa kumva kuti ndikufanana ndi azungu ophunzira.

Anabwerera m'kalasi. Makolo ena anadandaula, ana ena ankawanena mseri, koma Zainabu ndi Amina, munadutsa m'manja mwawo nonse awiri, ndipo Chingerezi chimene mumandinyoza nachocho ndi chawo.

Nkhudzi, chaka chopumira ntchito

Matenda aja sathera kamodzi. Pa zaka zotsatira anawabwerera kangapo. Koma panalibenso chingwe, panalibenso kuvuulidwa m'madzi. Ndinkangoona m'mawa munthu ataima pakhonde la kachipatala, jekete yosita, chikwama m'manja. "Che Jafali, tulo tathawanso. Tiyeni." Ndipo tinkapita, tikukangana njira yonse za Chikhristu ndi Chisilamu, pa mlatho wa Liwonde aliyense n'kuyang'ana kwake.

Ndinapuma ntchito ndili ndi mano ambiri ndi ana ophunzira onse, Alhamdulillah, Mulungu ayamikike. Ndikuthokoza mabwana anga atatu, ndi amayi anu amene anapirira mwamuna wosowa pakhomo masiku awiriawiri. A Dzonzi anabwerera kwawo ku Ntcheu, ndipo anamwalira okalamba, pa mphasa yawo, adzukulu atawazungulira.

Ulendo wawo womaliza ndisanapume ndimaukumbuka bwino. Ndinkachokera kumsika m'mawa pamene ndinawaona pa siteji ya basi, chikwama chija pambali, maso ofiira ndi kusagona. Kalata anali atakatenga kale kwa adokotala. Ndinawauza kuti andidikire ndikapemphe chilolezo, sindichedwa.

"Pitani mukatsuke zilonda, Che Jafali," anatero. "Njira ndikuidziwa. Ndikagogoda ndekha."

"Ndiye ine ntchito yanga?"

"Yatha. Mwachotsedwa."

Basi inabwera, anakwera, anakhala pa zenera. Ine ndinatsala pa msewu ndi tomato wanga m'manja, munthu wochotsedwa ntchito ndi wodwala wake, ndikuseka ndekha mpaka amayi ogulitsa zitumbuwa anayamba kunong'onezana kuti Che Jafali nawonso ayamba.